Mpando Umene Ndinkauthawa

Chizindikiro choyamba anachiona ndi mkazi wanga, osati ine. Unali mwezi wa Juni, zaka zinayi zapitazo, tikumwa tiyi pakhonde la nyumba yathu ku Chowa, muno mu Kabwe. Dzanja langa lamanja linali pabondo, ndipo chala chachikulu chinkapekesana ndi chinzake mobwerezabwereza, ngati munthu amene akusankha kiyi pampukutu wa makiyi. Amake Joyce analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumbali. Ine ndinangolilowetsa m'thumba la jekete n'kudandaula kuti kunja kwazizira. Ku Kabwe mu Juni kumazizira ndithu, choncho bodza langa linali ndi potsamira.

Ine ndine Phiri, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi. Ndinabadwira mommuno. Atate anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo anakhala mtchona mpaka imfa. Kwawo ife tinkangokumva m'nkhani. Ine mgodi sindinaufune. Ndinalowa usilikali wa ndende, ndipo ndinagwira zaka makumi atatu, zambiri mwa izo kundende ya Mukobeko, kenako ndinapuma. Ntchito imeneyo imaphunzitsa munthu kuwerenga anthu pamzere ndi kusadandaula. Thupi likadandaula umaliuza kuti likhale chete, ndipo limakhaladi chete. Ndinkaganiza kuti langa lidzandimvera choncho mpaka kumanda.

Chimene ine ndi mkazi wanga tinakhalira chete tsiku lija n'chakuti dzanja lotere tinali titalionapo kale, m'nyumba yomweyi. Atate anayamba chimodzimodzi atapuma kumgodi. Nthawi imeneyo panalibe amene anatchula dzina la matenda. Ena ankati ndi fumbi la mtovu, ena ankati mizimu ya kwawo ikuwakoka chifukwa sanapite kukaika maliro a amayi awo. Ife ana tinachita zimene tinkadziwa kuti ndi ulemu, tinawaletsa ntchito iliyonse. Akafuna madzi tinkawatungira. Akafuna kuimirira tinkati khalani, atate, mungagwe. Tinawakhazika pampando wawo wa mlombwa, wokhala ndi poika manja, umene mmisiri wa kumgodi anawakhomera, ndipo anakhala pamenepo zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka choyamba ankadzuka okha. Chachitatu ankachita kudzutsidwa. Chomaliza tinkawanyamula pamodzi ndi mpandowo kuwatulutsa padzuwa n'kuwalowetsanso madzulo, msana utapindika, nkhope itauma ngati ya munthu amene sakukudziwa. Maso okha ndiwo ankayenda.

Pali tsiku limodzi limene silindichoka. Ndinafika kuchokera kuntchito ndili muyunifolomu, ndipo ndinawapeza ataima pakhomo la pabalaza, mapazi atamatirira pansi, akufuna kupita kuchimbudzi. Ndinawauza kuti yendani. Sanayende. Ndinakweza mawu monga ndinkachitira ndi akaidi, poganiza kuti akuchita dala. Anandiyang'ana, kenako mkodzo unayenderera m'miyendo ya thalauza mpaka pasimenti. Sanalire, pakuti nkhope yawo inali itaiwala kale kulira. Sindinapepese tsiku limenelo, ndipo sindinapepese mpaka anamwalira. Nyumba ndi mpando zinatsala kwa ine monga mwana woyamba. Kuutaya mpandowo sindikanatha, kuukhalira sindinkafuna, choncho unakhala pakona utafunditsidwa nsalu, pamwamba pake tikuikapo wailesi.

Kuzizira kunatha koma dzanja langa silinasiye. Pofika Disembala siginecha yanga inali itafota moti kalaliki wina anandibwezera fomu kuti ndisainenso. Mkono wamanja unasiya kugwedezeka ndikamayenda, unkangolendewera. Fungo linandithawa, Amake Joyce ankakazinga tinsomba ta kapenta ine osamva chilichonse. Ndinkadzimbidwa masiku atatu, nthawi zina anayi. Kumanga mabatani a malaya kunasanduka ntchito ya m'mawa wonse. Mawu anga, amene kale ankamveka kuchokera pageti mpaka kubwalo la perete, anachepa mpaka anthu ankangoti, mwati bwanji?

Ku Chowa nkhani siichedwa. Pamsika ankati dzanja la Phiri likutembenuza makiyi a anthu amene anawatsekera, makamaka aja oweruzidwa kuti aphedwe. Pagulu ndinkaseka, koma ndikakhala ndekha ndinkaliyang'ana dzanjalo, ndipo linkaonekadi ngati likufufuza kiyi. Nkhope zimene ndinkaziona pakawindo ka chitseko zaka zonse zija zinayamba kubwerera m'maganizo, ndi mayina awo omwe. Ndinkadziuza kuti ndinangogwira ntchito monga mwa lamulo, koma mantha sadziwa lamulo. Ndinapita mobisa kwa mneneri wina wa m'tenti, amene anandipatsa madzi m'botolo kuti ndizisamba m'manja. Ndinasamba mpaka botolo linatha, dzanja likupitiriza ntchito yake. Chaka ndi miyezi inayi zinapita choncho. Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo Zengerezuyo ndinali ine.

Lamlungu lina mu Okutobala, potuluka m'tchalitchi, mapazi anga anamatirira pakhomo. Mutu unkati tiye, mapazi osamva. Anthu anaunjikana kumbuyo kwanga, ena akukankha, ena akunong'onezana. Pamenepo sindinaone tchalitchi ayi, ndinaona atate ataima pakhomo lija. Joyce, mwana wanga wamkazi amene amagulitsa mafoni m'tauni, anandigwira mkono n'kundikokera panja. Panjira anati, "Daddy, manje yakwana. Mailo tiyenda ku kiliniki, olo mukalipe bwanji." Sindinakalipe, ndipo m'mawa mwake tinapitadi.

Kukiliniki anandiyeza sikelo, bipi ndi shuga, n'kundilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu. Kumeneko tinakhala pabenchi kuyambira seveni koloko, tikusuntha pang'onopang'ono, khadi lili m'manja mwa Joyce chifukwa m'manja mwanga linkachita phokoso. Dokotala anandiuza kuti ndilembe chiganizo, ndigundanitse zala mofulumira, ndiyende mpaka kukhoma n'kubwerera. Anapinda mkono wanga kangapo ngati akuyesa chitseko cholimba. Magazi anatuluka opanda vuto. Anatilembera kalata ina yopita kwa dokotala wa ubongo ndi mitsempha ku Lusaka, ndipo tsiku limene tinapatsidwa linali mu Januwale. Miyezi yodikirayo ndinkalowa pabalaza nditayang'ana kumbali kuti ndisaone pakona.

Ku Lusaka tinadikira mpaka thu koloko masana. Dokotalayo anali bambo wodekha, wosathamangira kulemba. Atandiyeza anati, "Ba Phiri, aya ni matenda ya Parkinson. Si ufiti, si chilango. Mu ubongo muli vinthu vina vamene vithandiza thupi kuyenda bwino, manje kwa imwe vachepa. Siyapola, koma tingayachepeseko mphamvu." Ndinamufotokozera za atate, n'kumufunsa ngati inenso ndidzathera pampando. Anati za atate sangalumbire chifukwa sanawaone, ndipo za mawa sangandilonjeze. Kenako anawonjezera kuti, "Koma kunkhala chabe ndiye kumene kuumisa thupi. Mufunika vonse viwili, mapilisi na kuyenda."

Pa mawu onse a tsiku limenelo, ine ndinatola amodzi okha, akuti kukhala kumaumitsa thupi. M'basi pobwerera ndinkangowatembenuza m'mutu. Ndiye kuti ulemu wathu uja ndi umene unawamangirira atate pampando. Chisoni chinandigwira kuyambira Lusaka mpaka Kabwe, ndipo tikutsika pasiteshoni ndinali nditalumbira mumtima kuti mpando umenewo ine sudzandiona.

Mapiritsi a levodopa ndinkamwa katatu patsiku, theka la ola ndisanadye. Milungu iwiri yoyamba ankandichititsa nseru. Kenako ndinayamba kuwadziwa khalidwe lawo. Pakapita mphindi makumi anayi thupi linkamasuka, dzanja n'kukhala bata, ndipo pakatha maola anayi kapena asanu kuuma kunkabwerera pang'onopang'ono kuyambira kukhosi.

Mu Febuluwale ndinayamba mafizo, zolimbitsa thupi za odwala, kuchipatala chachikulu, Lachinayi lililonse. Wondithandiza anali Mayi Mulenga, wa msinkhu wa Joyce, wolankhula mofatsa koma wa maso akuthwa. Tsiku loyamba lomwe mapazi anga anakanirira pakhomo la chipinda chake. Sanandikoke. Anandifunsa ntchito imene ndinkagwira, ndipo atamva anati ndiwerenge mokweza monga paperete. Ndinati lefuti, raiti, lefuti, ndipo phazi linanyamuka lokha n'kudutsa pakhomopo. Ndinatsala pang'ono kulira pamaso pa mwana wa eni. Chinthu chimene ndinachita zaka makumi atatu osachiwerengera n'chimene chinanditsegulira njira.

Anandilembera papepala zoyenera kuchita kunyumba: kuyenda mphindi makumi awiri, kudziwongola manja, khosi ndi msana, kupuma tsiku lina, kuyamba mankhwala atagwira ntchito, kupewa dzuwa, ndipo kusayenda ndekha patali. Ndinaliwerenga pepalalo muminibasi ndipo ndinaliona ngati chipongwe. Mphindi makumi awiri, ine amene ndinkaguba maola atatu mfuti ili paphewa? Ndinawerengera mwanga kuti ngati mphindi makumi awiri zikukankha mpando phazi limodzi, maola awiri aukankha mpaka kuseri kwa mgodi. Pepalalo ndinalipinda n'kuliika m'Baibulo. Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinatulutsa majombo anga akale n'kuwapolisha. Ndinkadzuka faifi koloko monga kudepoti kumene tinaphunzirira usilikali, ndisanamwe mapiritsi, ndisanalawe kanthu, chifukwa kumeneko tinkaguba m'mimba mulibe kanthu. Ndinkayamba pabwalo, kenako ndinkatsata msewu wa m'mbali mwa mpanda wa mgodi wakale mpaka kunjanji n'kubwerera. Azimayi ogulitsa makala pakona ankandichitira sawatcha akuseka, ine n'kumadzimva. Mwezi woyamba zinandikomera ndithu. Miyendo inapepuka, kudzimbidwa kunachepa, tulo tinabwera. Nditaona zimenezo ndinawonjezera ulendo wachiwiri masana.

Kudepoti kunali lamulo losalembedwa lakuti wotopa amuwonjezere mtunda. Lamulo limeneli ndinaliika pathupi langa. Mawondo akatupa ndinkawonjezera mtunda. Dzanja likanjenjemera kwambiri pambuyo poguba, ndinkati likuchita mwano, mawa liona. Ndinayamba kumva chizungulire ndikaimirira. Ndinaonda mpaka palamba ndinaboola mabowo awiri atsopano. Masana ndinkagona ngati wakufa, n'kudzuka thupi lili gwa kuposa dzulo lake. Mayi Mulenga akandifunsa ndinkati mphindi makumi awiri basi, koma maso ake ankapita pamawondo anga. Mu Juni ndinasiya kupita kumafizo kuti asandigwire bodza.

Kunyumba kunali nkhondo. Amake Joyce anaona apongozi awo akudwala, ndipo mankhwala amene iwo ankawadziwa anali omwe aja. Ankati, "Khalani pansi, abambo, wodwala sathamanga." Tsiku lina ndinawapeza atachotsa wailesi, akupukuta mpando uja kuti ndizipumirapo. Ndinawakalipira ndi timawu tanga totsalato, ndipo sitinalankhulane masiku awiri. Ndinkadyera panja pakampando kopanda motsamira. Iwo ankaopa kuti ndigwa, ine ndinkaopa kukhala, ndipo palibe amene anamuuza mnzake chimene ankaopa.

Ndinagwa Lachiwiri, mlungu wachiwiri wa Okutobala. Amene amadziwa Kabwe amadziwa dzuwa la mwezi umenewo. M'mawa ndinali nditaguba kale, koma dzanja linavuta kwambiri, choncho ndinaganiza zolilanga. Ndinatuluka cha m'ma thwelofu, piritsi la masana ndisanamwe, madzi osanyamula. Ndikuyandikira njanji, mapazi anayamba kuponda pafupipafupi ndiponso mofulumira, thupi litapendekera kutsogolo, ngati wina akundikankha kumsana. Ndinayesa kuima, osatheka. Ndinawerenga lefuti, raiti, koma miyendo inali itasiya kumva. M'maso munada, ndipo ndinagwera pamiyala ya m'mbali mwa njanji.

Nditatsitsimuka ndinali chagada, magazi akulowa m'diso, chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi chili patsogolo panga. Ndinaganiza za atate, amene anathandiza kuchiunjika. Azimayi a makala aja ndiwo anandipeza. Ananditengera pawilibala mpaka kumsewu, majombo opolisha akulendewera kutsogolo. Sawatcha panalibenso tsiku limenelo.

Kuchipatala anandisoka pamphumi malo asanu ndi amodzi. Ekisire inaonetsa kuti fupa la padzanja lamanja lathyoka, ndipo anandiika chikhakha. Madzi m'thupi anali atatha, bipi inkatsika ndikangoimirira, choncho anandiika diripi n'kundigoneka muwodi ya abambo masiku asanu ndi atatu. Moyo wa muwodi sunasiyane kwambiri ndi umene ndinkaudziwa. Faifi koloko anamwino ankabwera kudzayeza kutentha kwa thupi, kenako okolopa, kenako madokotala cha m'ma naini, kenako kudikira nthawi yoona odwala. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wowerengedwa pamzere ndinali ine. Kugona masiku amenewo kunandiumitsa kuposa miyezi yonse ya m'mbuyo. Tsiku lotuluka sindinathe kudzuka pabedi ndekha.

Titafika kunyumba anayesa kundikhazika pasofa, koma inali yotsika ndi yofewa, moti kundidzutsapo kunafuna anthu awiri. Amake Joyce ndi Joyce anayang'anizana. Kenako anachotsa wailesi, anachotsa nsalu, n'kundikhazika pampando wa atate. Mphamvu zokanira ndinalibe. Manja anga atatsikira poika manja, anapeza malo osalala, olowa pang'ono, pamene manja a atate anapekesa thabwa zaka zisanu ndi chimodzi. Kumanja kunali kolowa kwambiri. Zala zanga zotuluka m'chikhakha zinakwanira ndendende pamenepo, n'kuyamba kunjenjemera.

Ndinakhala pampandowo milungu itatu. Madzi ankandibweretsera, chakudya ankandibweretsera, kuchimbudzi ankandiperekeza. Ndikasuntha pang'ono, mkazi wanga ankati, "Khalani, mungagwe." Anali mawu anga enieni, ndi kamvekedwe kake komwe, akubwerera patatha zaka makumi atatu. Ndinkayang'ana khomo, windo ndi khoma zimene atate ankayang'ana, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yonse ija ankamva zonse, ankaona zonse, kungoti nkhope sinkawalola kusonyeza. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo ngakhale pakati pa akaidi oopsa.

Masana ena Amake Joyce anathamangira kumsika, ine n'kutsala ndekha. Mkodzo unandigwira. Ndinayesa kudzuka ndi dzanja limodzi, ndinalephera. Ndinayesanso, mpando wokha ndiwo unalira. Ndinaitana, koma mawu anga sanadutse pakhomo. Kenako zinachitika, ndipo ndinaona madzi akuyenderera pasimenti yomwe ija. Ndinalira ngati mwana. Ndinalankhula mokweza m'nyumba mopanda munthu, ndinati atate, pepani, sindinkadziwa. Ndinabwereza mawu amenewo mpaka mkazi wanga anafika. Anangotenga chokolopera ndi thalauza lina.

Madzulo ake ndinaululira mkazi wanga ndi Joyce zonse: za maola awiri, za pepala la m'Baibulo, za tsiku lija ndinakalipira atate. Lachinayi lotsatira tinapita kumafizo tonse atatu. Ndinkayembekezera kudzudzulidwa, ndipo kunali kondiyenera. Mayi Mulenga anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ba Phiri, thupi yanu si mkaidi. Mukaipanisha izakugwesani futi." Anatembenukira kwa mkazi wanga n'kunena kuti, "Naimwe ba mayo, mukabachitila vonse bazaumilatu. Muzibasiya bayese." Tonse awiri tinazolika, aliyense ndi mlandu wake.

Kenako anafunsa ngati kunyumba kuli mpando wolimba, wosatsika kwambiri, wokhala ndi poika manja. Ine ndi Amake Joyce tinayang'anizana. Ndinayankha kuti ulipo. Anati umenewo ndiwo tiyambire. Anandionetsa kasunthidwe kopita kumapeto kwa mpando, kubweza mapazi pansi pa mawondo, kuweramira kutsogolo mpaka mphuno ipitirire zala za kumapazi, kuwerenga mpaka katatu, n'kudzuka. Kenako kukhalanso mosadzigwetsa. Anati ndiyambe ndi katatu m'mawa ndi katatu madzulo, wina ali pambali panga, ndipo ndisapitirire ngakhale nditamva kuti ndingathe.

Anandipatsanso miyeso imene ndimaitsata mpaka lero. Ndiyambe patatha ola limodzi ndamwa piritsi. Ndimwe madzi ndisanatuluke ndipo ndiyende kunja kukadali kozizira. Poyenda ndizipuma mwamphamvu pang'ono, koma ndizitha kulankhula chiganizo mpaka kumapeto. Ndikalephera, ndiye kuti ndapyola. Ndikadzuka m'mawa wotsatira ndili wotopa kapena wouma kuposa dzulo, ndichepetse. Kuwonjezera kuzikhala pang'ono, kamodzi pamlungu. Ndipo zonse ndizilemba m'kope. Za kopezo ndinazimva msanga, chifukwa kundende tinali ndi buku lolembamo zochitika za tsiku, ndipo m'buku limenelo munthu sankanama.

Tsiku loyamba kudzuka katatu kunanditengera mphindi khumi. Kachiwiri ndinagweranso pampando, mkazi wanga n'kutambasula manja kuti andinyamule, koma anadzigwira n'kuwabisa kumbuyo. Ndinaona mmene zinawapwetekera. Kachitatu ndinaimirira ndekha, miyendo ikunjenjemera, ndipo ndinayenda mpaka pakhomo lija, ndinawerenga, n'kudutsa.

Chikhakha anachichotsa kumayambiriro kwa Disembala. Mwezi umenewo ndinkayenda mphindi zisanu, kupita pageti n'kubwerera kangapo. Mu Januwale zinafika khumi, mu Malichi makumi awiri omwe ndinawanyoza aja. Amake Joyce ndiwo anasanduka ofisala. Amayenda pambali panga n'kumandifunsa mafunso kuti amve ngati ndikumaliza chiganizo, ndipo ndikangoyamba kudula mawu amatembenuka osakambirana. M'zaka makumi atatu kudza zisanu ndi zitatu za ukwati wathu sitinachezepo ngati mmene tachezera mumsewu wa kumgodi. Mu Epulo khalidwe lakale linabwerera, ndinawonjezera mphindi khumi ndi zisanu mwakabisira iwo atapita kumaliro. M'mawa mwake ndinadzuka ndili gwa, ndipo tsiku lonse linathera pabedi. Ndinalemba ndekha m'kope kuti Phiri wapyola muyeso, n'kusaina ndi kasiginecha kanga kofota.

Tsopano papita chaka ndi miyezi isanu ndi itatu chigwereni, ndipo sindinagwenso. Ndimayenda theka la ola masiku anayi pamlungu, ndimadziwongola tsiku lililonse, ndipo Lamlungu ndimangopita kutchalitchi. Masiku ena thupi limakana, ndipo ndaphunzira kulimvera osalitenga ngati lachita mwano. Sindinachire, ndipo sindikufuna kunamiza aliyense. Mankhwala anandiwonjezerapo kamodzi. Dzanja lamanzere layamba kunjenjemera pang'ono. Pamakomo ena mapazi amakanirirabe, ndipo ndimawerenga chamumtima. Koma ndimadzisambitsa ndekha, ndimamanga mabatani anga, ndimapita kuchimbudzi popanda kuitana munthu. Pamsika akunenabe za makiyi. Nkhope zija zimabwerabe nthawi zina, koma ndinasiya kuzisakaniza ndi matenda.

Kwa amene dzanja layamba kunjenjemera likakhala phee, kapena mapazi ayamba kukoka pansi, ndikuti pitani kuchipatala mwezi womwewo. Ine ndinataya chaka ndi miyezi inayi ndikubisa dzanja m'thumba. Mukauzidwa zolimbitsa thupi, muyeso wanga usakhale wanu. Aliyense ali ndi wake, ndipo wodziwa kuupeza ndi wa mafizo pamodzi ndi thupi lanulo, mukamawauza zoona. Ndipo inu osamalira odwala, chikondi chisakuchititseni kuwalanda chilichonse chimene akadathabe kuchita okha.

Mpando uja sunabwerere pakona, ndipo wailesi tinaipezera malo ena. Ndikudziwa kuti mwina tsiku lina udzandisunga osandibweza, pakuti dokotala sanandilonjeze kanthu. Koma m'mawa uliwonse, piritsi likagwira ntchito, ndimakhalapo mwa kufuna kwanga. Ndimaika manja m'malo osalala aja, ndimabweza mapazi, ndimawerama, ndimawerenga mpaka katatu. Tsopano ndimadzuka kakhumi. Kasanu n'kanayi ndimadzukira ine mwini. Kachikhumi ndimadzukira atate, amene tonse tinkangowauza kuti khalani.